Temu Imene Boma Linatilanda Manambala

Pasukulu yathu, kufupi ndi Milepa, tsiku lalikulu silinali la mpira kapena la alendo, linali lotsekera temu. Tinkakhala m'mizere pansi pa mitengo ya bulugama, makolo ataima kumbuyo kwathu, amayi atamanga nsalu zawo zosungira m'sutikesi. Mphunzitsi wa kalasi iliyonse ankaimirira n'kuyamba kuitana: nambala wani wakutiwakuti, nambala thuu wakutiwakuti. Woitanidwa ankadzuka, nthungululu n'kulira, amake n'kuthamanga kudzamufupa nzimbe, chigumu kapena dzira lowiritsa. Manambala akamatalika nthungululu zinkachepa, ndipo pofika kwa ogwira mchira kunkangomveka akhwangwala okha m'mitengomo.

Ine ndinkalikonda tsikulo, ndipo sindichita nazo manyazi. Dzina langa linkatuluka nthungululu zikadali zamphamvu. Mutu wanga unkasunga chilichonse chomwe chaimbidwa, ndipo masiku amenewo sukulu inali kuimba: matebulo a masamu tinkaimba, maina a mitsinje tinkaimba, ngakhale ziwalo za duwa tinkaimba. Mayeso akafika ndinkangotsanula nyimbozo papepala, n'kupita kukadikira nzimbe yanga.

Mng'ono wanga, mwana wa amayi aang'ono, ndiye anali wa nthawi ya akhwangwala. Nyumba zathu zinali zoyang'anana pabwalo limodzi, ndipo tinakalembetsa sukulu tsiku limodzi m'zaka zija sukulu itangokhala yaulere, pamene mwana aliyense wotha kugwira khutu podutsitsa dzanja pamutu ankathamangira komweko. Anali wamng'ono pobadwa koma anandipitirira msinkhu, choncho chaka chilichonse ankamukhazika kumbuyo kwenikweni, kukhoma. Kunyumba anali wochangamuka kuposa ine. Nkhuku ikasowa ankadziwa koikira, amayi akamagawa nandolo ankaona msanga kuti mbale iyi yachepa. Koma za pabolodi ankakopera zinthu zoti ngakhale iye mwini sankatha kuziwerenga, ndipo tonse tinangovomereza kuti mutu wake si wa sukulu.

Tili Sitandade 6 kunabwera uthenga wochokera ku Limbe. Chitsiriza cha m'banja la amayi athu, amene tinkawatchula kuti amayi a ku Limbe, anali atabereka mwana wamwamuna. Ankagulitsa kaunjika mumsika, ndipo ankafuna mtsikana wa kumudzi woti azikalera khandalo. Aliyense ankadziwa tanthauzo lake. Wopita kukalera mwana ankalonjezedwa sukulu ya m'tauni, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwerako atawonjezera kalasi. Atsikana amsinkhu woyenera pabwalo pathu tinalipo awiri.

Nkhani inapita kwa amalume, eni mbumba. Anali munthu wamawu akuluakulu, wogula nandolo m'midzi n'kukagulitsa kumsika panjinga yawo yakuda. Kubwalo la milandu ankayankhula mpaka anthu kuomba m'manja. Koma alongo awo akangoyamba kuyankhula onse nthawi imodzi, amalume ankakumbukira mwadzidzidzi kuti tcheni cha njinga chikufuna mafuta.

Tsiku limenelo sanapeze pothawira, chifukwa amayi anga anali atakhala chotsamira njingayo.

"Achimwene, apa palibe chovuta," anatero amayi anga. "Wangayu ndi wa sukulu, mudzi wonse ukudziwa."

"Ndiye wangayu ndi wa chiyani, achemwali?" anafunsa amayi aang'ono. "Anabadwira kuchapa matewera a eni ake?"

Amalume anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi, kenako nkhope yawo inawala.

"Ine sindisankha munthu," anatero. "Nonse ndinu alongo anga, onsewa ndi adzukulu anga. Ndikaloza uyu, uyo sadzandipatsanso madzi akumwa. Tidikire atsekere temu ikubwerayi. Amene nambala yake ibwere pambuyo pa mnzake, ameneyo ndiye akwere basi. Nambala ilibe mlongo wake."

Anawakonda kwambiri mawu omalizawo, moti anawabwereza, kenako analumbira pamanda a agogo kuti sadzawasintha. Amayi aang'ono analowa m'nyumba, poti chigamulo chinali chitadziwika kale. Mng'ono wanga anasiya kuimba popita kumjigo. Ndinamumvera chisoni ndithu, ndinamuuzanso kuti ku Limbe kuli magetsi ndi buledi, koma ine tulo ndinkagona tokoma. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Temu itangoyamba, aphunzitsi athu anasowa kwa sabata, amati apita kukaphunzira. Tinadabwa kuti nawonso akusowa chiyani. Anabwerako atasenza makatoni ophwanya komanso mawu atsopano, ndipo Lolemba ahedi anatiuza pamzere kuti akuluakulu a zamaphunziro asankha sukulu yathu kuti iyesere njira ina yoyesera ana. Mayeso aakulu a kumapeto kwa temu atha. Mwana aziyesedwa pang'onopang'ono temu yonse, payekhapayekha. Ndipo manambala kulibenso.

"Kuyambira lero mwana sapikisana ndi mnzake," anatero ahedi. "Azipikisana ndi iye mwini."

Ndinatsala pang'ono kuimika mkono. Munthu upikisana nawe wekha, ukapambana waluza ndani, ndipo nzimbe akupatsa chifukwa chiyani? Ndinaona kuti boma landibera masanasana.

Madamu athu anali mayi wamfupi wa ku Magomero, wamawu okhoza kudzutsa munthu kutsidya la dambo. Anatambasula makatoni aja, n'kujambulapo utawaleza waukulu wodzaza khoma lonse. Utoto unali wopanga tokha: chofiira cha njerwa yopera, chikasu cha maluwa, chobiriwira cha masamba a mbatata, buluu wa uja wochapira malaya oyera. Pansi penipeni panali chofiira, pamwamba penipeni pepo. Aliyense anauzidwa kujambula nkhope yake pakachidutswa ka katoni, ndipo nkhopezo tinkazimata pautawalezapo ndi phala la ufa wa makaka, chinangwa chouma chija, poti guluu wa m'sitolo akuluakulu aja anaiwala kutumiza. Ukakhoza za mtundu umodzi, unkamatula nkhope yako n'kuikweza pa mtundu wotsatira.

Tonse tinayambira pa chofiira. Ine amene, mwana wa nthungululu, nkhope yanga inamatidwa pafupi ndi ya mnyamata wina yemwe ankadya choko. Ndinaijambula ndili wokwiya, nsidze zitakumana pakati, ndipo madamu ataiona anati aka n'koyamba kuona mwana wojambula zoona.

Kuyesedwa kwake kunkachitikira panja. Madamu ankakhala pansi pa mtengo ndi katebulo, thumba la zitsekerero za mabotolo lili pambali, n'kumaitana mmodzimmodzi, enafe tikuchita phokoso lomwe iwo ankalitcha ntchito ya m'magulu. Nthawi yanga itakwana ndinapita mwamatama. Anandithirira zitsekerero patebulo.

"Awa ndi mazira. Agawire mabanja asanu ndi awiri mofanana, undiuze otsala."

Ndinatseka maso n'kuyamba kuimba tebulo la seveni kuchokera pachiyambi, mawu okweza bwino.

"Sindinakupemphe kwaya," anatero madamu. "Ndati gawa mazira."

Ndinagawa, banja lina linadya mazira ambiri, lina linagona ndi njala. Ndinakhala pa chikasu nthawi yaitali moti phala linauma n'kulimba, ndipo tsiku lomwe ndinakwera ndinachita kumatula nkhope yanga ndi mpeni.

Mng'ono wanga ataitanidwa anapita ngati akupita kukabayitsa jakisoni. Madamu anamupatsa kapepala kuti awerenge. Anakabweretsa pafupi ndi mphuno n'kuwerenga konse osapunthwa. Anamupatsa kena, anawerenganso. Mazira aja iye anagawa pomwe madamu anali asanamalize n'kufunsa komwe. Madamu anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe, ukakhala kumbuyo kuja, bolodi umaliona?"

"Ndimaona kuti lilipo, madamu."

Zaka zonsezo palibe anamufunsapo, ndipo iye ankayesa kuti aliyense amaona choncho, kungoti anzake ndi anzeru zolotera. Tsiku lomwelo anamusamutsira kutsogolo kwenikweni, komwe ankakhala chopinda khosi kuti a kumbuyo asadandaule. Nkhope yake yapakatoni, yomwe anaijambula ndi timaso ting'onoting'ono, inayamba kukwera khoma. Inandipeza pa chobiriwira. Pamene temu inkapita kumapeto tonse awiri tinali pa buluu, nkhope zathu zitagundana masaya.

Apa ndiye ndinayamba kuopa. Basi ya ku Limbe, yomwe ndinkaiona ngati ya mnzanga, inayamba kundiyang'ana ine. Ndinkakondwa kumumva akuimbanso kumjigo, koma nyimbo yakeyo inkandikumbutsa basi ija. Kunyumba amayi athu anasiya kupemphana mchere. Amayi anga ankati zautawalezazi n'zamasewera, ahedi akadzaona makolo asonkhana adzatulutsa manambala enieni. Amayi aang'ono ankangoseka chamumtima akupeta chimanga. Amalume atamva zoti manambala kulibe anati zimenezo n'zonena ana, boma silingagone usiku umodzi popanda nambala.

Kalasi yathu inalibe chitseko. Chinabwerekedwa pa maliro ena kuti anyamulirepo nkhuni ndi ziwiya, ndipo chinakakhazikika komweko. Loweruka lomaliza tisanatsekere, mbuzi za m'mudzi zinalowa kudzabisala dzuwa, n'kumva fungo la makaka. Lolemba tinapeza khoma lili mbee. Zinadya chofiira, zinadya chikasu, zinadya chobiriwira, ndipo poimirira ndi miyendo yakumbuyo zinafika mpaka pa buluu, n'kudya nkhope za kalasi yonse. Panatsala pepo yekha pamwamba, pomwe panalibe mwana ndi mmodzi yemwe. Madamu anaseka mpaka kukhala pansi. Anati mbuzizo zakwera mpaka pa buluu tsiku limodzi, n'zoyenera kupita ku sekondale.

Tsiku lotsekera makolo anabwera monga mwa masiku onse, nzimbe paphewa, mazira m'mipango. Ahedi anafotokoza za njira yatsopano, makolo n'kumagwedeza mitu mwaulemu podikira kuti amalize ayambe zenizeni. Kenako aphunzitsi anaimirira n'kumanena kuti ana akutiakuti afika pakutipakuti, akutiakuti akufunika kuwathandiza powerenga. Azimayi anali atakonzeka kale, dzanja lili pakamwa, koma sankadziwa poyambira nthungululu. Mayi wina anaiyamba pa chikasu, ataona kuti ali yekha anaisandutsa chifuwa. Bambo wina wachisilamu wogulitsa nsomba zouma, yemwe mwana wake ankakhala nambala wani chaka ndi chaka, anafunsa mofatsa kuti, "Nanga dzira ili ndipatse ndani?" Atasowa womuyankha analisenda n'kudya yekha.

Anthu akubalalika, amalume anatulukira. Anali atavala jekete, miyendo ya buluku ataipana ndi zopanira zovala kuti isakodwe m'tcheni. Anaimika njinga pakhoma, anatikodola tonse awiri, n'kulunjika pa katebulo ka madamu.

"Aphunzitsi, ine sindinabwerere zambiri. Ana awa ndi anga. Ndikufuna nambala ya uyu ndi nambala ya uyu."

"Bambo, chaka chino kulibe manambala. Onsewa ali pa buluu."

"Buluu ndiye nambala chani?"

"Si nambala. Ndi pomwe afika."

"Chabwino. Buluu wa ndani ndi wakuda kwambiri?"

"Ndi buluu mmodzi, bambo. Tinasungunula m'chitini chimodzi."

Amalume anakweza mawu kuti otsala pabwalo amve. Anati boma limawerenga anthu m'dziko lonse, limawerenga mavoti, limawerenga ndi ng'ombe zomwe pa dipi, lero lalephera kuwerenga ana awiri? Anati iwo pogula nandolo safunsa mtundu wake, amaika pasikelo. Kenako analamula kuti akauone okha utawalezawo, mwina nkhope ina inali pamwamba pang'ono kuposa inzake.

Madamu anawatsogolera m'kalasi. Amalume anaima kutsogolo kwa khoma lotsala ndi pepo yekha, pansi pali timanyi ta mbuzi tomwe osesa anatisiya.

"Uli kuti?"

"Unadyedwa ndi mbuzi, bambo. Ana akuti yotsogolera inali yaikazi, yoyera, yodulidwa khutu lakumanzere. Mwini wake tikumufunabe."

Amalume anatsokomola. Mbuzi imeneyo tonse tinkaidziwa, inkagona kuseri kwa nyumba yawo. Anati nkhani ya ziweto ndi ina, tisasakanize milandu, ndipo anatuluka msanga kubwerera pa katebulo kaja. Kumeneko anatsitsa mawu, n'kuwafotokozera madamu zonse: za khanda la ku Limbe, za alongo awo awiri, za lumbiro lawo la pamanda.

Madamu anasiya kuseka. Anatiyang'ana ife, anawayang'ana amalume, kenako anakoka mpando wawo womwe n'kuwapatsa.

"Ngati ndi choncho khalani apa, bambo. Ine nambala sindilemba, koma ana ndi awa, mafunso ndili nawo. Ndiziwafunsa mosinthana inu mukuona. Amene ayambe kuphonya, ameneyo ndiye wachiwiri. Nambalayo muitola nokha, mupite nayo."

Anakhuthula zitsekerero zija patebulo. Phokoso lake ndimalikumbukira mpaka lero. Tinaima moyandikana, ine ndi mng'ono wanga, ndipo ngakhale tebulo la thuu linali litandithawa m'mutu. Ndinamva chala chake chikukola changa kumbuyo kwa madiresi athu. Chinali chozizira. Sindinadziwe ngati akundilimbitsa mtima kapena akutsanzika, ndipo ndinachigwira zolimba.

Amalume anakhala pampando paja. Anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Anandiyang'ana ine, amene anandiphunzitsa kupalasa njinga yawo yomwe sankalola munthu kuikhudza. Anamuyang'ana mng'ono wanga, amene ankawazula minga kumapazi ndi singano, nkhope ataibweretsa pafupi ndi chidendene chawo. Madamu anali atatsegula kale pakamwa kuti afunse funso loyamba.

"Taimani kaye, aphunzitsi."

Anadzuka, anavala chipewa.

"Njinga ija ndaisiya padzuwa. Matayala ake ndi akale, angaphulike."

Njingayo inali pamthunzi, tonse tinkaiona. Anaikankha mpaka kumsewu osacheuka, anakwera, n'kupalasa ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi. Madamu anatolera zitsekerero zawo chimodzichimodzi n'kutiuza kuti tizipita, tikapume bwino.

Titafika kunyumba tinawapeza atakhala pakati pa alongo awo, akupukuta thukuta.

"Ndayesetsa," ankatero. "Ndakalipa mpaka ahedi anjenjemera. Boma lakana. Ndiye ine ndinalumbira pamanda kuti yogamula ndi nambala, nanga ndithyole lumbiro chifukwa cha utoto? Tumizani mawu ku Limbe, adikire temu yamawa."

Ife sitinaulule za pa katebulo paja, ndipo iwo sanatiyang'ane. Temu yotsatira anapitanso kusukulu atavala jekete lomwe lija, anakalipa pabwalo mokweza kuposa poyamba, koma katebulo ka madamu anakazungulira patali. Anabwerako ndi yankho lomwelo. Kenako anayamba kumatchuka m'mudzi ngati munthu wolimbana ndi boma pa nkhani ya manambala, ndipo ankaukonda ulemu umenewo.

Amayi a ku Limbe anatopa kudikira. Mwana atangosiya kuyamwa anabwera naye kumudzi n'kumusiya m'manja mwa azikulu awo, akunena kuti abale a kumudzi ndi anthu osathandiza. Choncho khanda lomwe linkafuna kuchotsa mmodzi wa ife pasukulu linadzatipeza lokha. Tinkalibereka mosinthana tikaweruka, ndipo linkatikodzera pamsana mofanana, mosakondera. Amayi athu anayambiranso kupemphana mchere.

Zoyesera zija sizinakhalitse. Akuluakulu anasiya kubwera, makatoni anatha, makolo anapitiriza kudandaula, ndipo tili Sitandade 7 chakumapeto ahedi analengeza kuti manambala abwerera. Tsiku lotsekera nthungululu zinalira ngati zakhala zikusungidwa m'nkhokwe. M'kalasi mwathu dzina la mng'ono wanga linatuluka, amayi aang'ono n'kuthamanga mpango ukugwa. Langa linatuluka pambuyo pake, motsatana. Ndinaimirira, koma manyazi sindinachite. Ndinkaganiza za basi ija, kuti nambala imeneyi ikanatuluka tsiku lija la zitsekerero, mwina wokwera ndikanakhala ine.

Amalume tsiku limenelo sanabwere kusukulu. Munthu amene anamenyera nkhondo manambala temu ndi temu tinamupeza kunyumba atatembenuza njinga, akuthira mafuta tcheni, mwana wa ku Limbe uja akuyendayenda pambali pawo atagwira sipanala. Amayi aang'ono anawauza zotsatira mokweza, kuti achemwali awo amve bwino.

"Zachedwa," anatero amalume osadzutsa mutu. "Woti akaleredwe uja ndi uyu akundibera zitsulo apayu."

Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi nzimbe imodzi yaitali. Anaithyola pabondo, n'kuimika zidutswa ziwirizo pansi moyandikana. China chinatalika pang'ono. Anachiyang'ana mokwiya, anachiluma kunsonga, anatafuna, anayezanso, analumanso, mpaka zinafanana ndendende. Ndinkawakonda amalume aja kuyambira kale, koma tsiku limenelo ndinafuna kulira. Anatipatsa aliyense chake n'kutiuza kuti makoko tisatayire pabwalo, mbuzi yawo yadya kale za sukulu zokwanira.